Mphini za Olemekezeka a Weji

Mu ufumu wa Zilibwino mudalibe chinthu chokutha. Malamulo sadalole. Msewu ukachita maenje ankati ukupuma, mlatho ukagwa ankati wagwada popereka ulemu, ndipo nduna ikagona pamsonkhano ankati ikulingalira za dziko. Munthu yekhayo amene ankadya chifukwa cha zinthu zokutha adali a Zefaniya Kalilangwe, wosoka nkhwaila pamsika wa Tingotani. Koma nawo ankasamala pakamwa. Matayala akale amene ankadulako nsapatozo ankawatchula kuti matayala odziwa zambiri.

Chisakasa chawo chidali kumapeto kwenikweni kwa msika, pansi pa mtengo wa mbawa. Adakhalapo zaka makumi atatu ndi chimodzi, mpaka muzu umene ankakhalira udasalala n'kutenga maonekedwe a mwini wake. Pamene ankazika nsanamira za chisakasacho, bwalo la gofu la Mfumu Sindilakwa Wachitatu lidali kumtunda, kuseri kwa madimba, sukulu ndi bwalo la mpira. Tsopano akangodzutsa mutu ankaona mbendera yake ikupepeluka.

Bwalolo silidayende lokha. M'chikwama cha mfumu mudali ndodo ina yaifupi, ya mutu wachitsulo wopendekeka ngati kakhasu, dzina lake weji. Ntchito ya weji ndi kutola mpira mumchenga kapena pafupi ndi dzenje lolowetsamo mpira, n'kuuponya m'mwamba kuti ukatera pakapinga uime pomwepo. Chimene chimauimitsa ndi timizere tapankhope pa ndodoyo. Timauluma mpirawo, iwo n'kuzungulira chobwerera, n'kukhala pansi mwaulemu. Timizereto tikafufutika, mpira umatera n'kumangothamanga.

Zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo, pampikisano ndi mfumu ya dziko loyandikana la Atiposa, mpira wa Mfumu Sindilakwa udagwera m'dzenje la mchenga. Weji ija idautulutsa, ndipo udakalowa m'dzenje lenileni anthu onse akuona. Tsiku lomwelo mfumu idasankha ndodoyo kukhala Nduna Yoona za Kutulutsa Dziko Mumchenga. Idapatsidwa nyumba, galimoto, mlembi ndi asilikali awiri, ndipo kuyambira pamenepo idakhala Olemekezeka a Weji. Pamsonkhano wa nduna ankawakhazika pampando wachitatu kuchokera kwa mfumu. Anthu amati maganizo awo sadasiyanepo ndi a anzawo.

Koma mfumu inkasewera katatu pa sabata, ndipo mchenga sudziwa udindo. Tsiku lina mpira udatera, n'kupitirira dzenje ndi mapazi khumi. Ndipo Nduna Yaikulu, a Mwanenadi, adakonza kukhosi.

"Mpira wa mfumu susochera," adatero. "Dzenjeli ndi limene lili pamalo olakwika."

Lamulo lidatuluka masana omwewo. Pamene mpira wa mfumu waima ndi pamene pali dzenje. Padalembedwa anthu atatu othamangira mpirawo, wina wa khasu, wina wa mbendera, wina wa wilibala ya kapinga. Tsiku lotsatira mfumu inkalunjika dzenje latsopanolo, mpira n'kupitiriranso, atatu aja n'kuthamanganso. Popeza dziko lidatsetserekera kumsika, bwalo nalo lidatsetsereka. Madimba adapita. Sukulu idapita, ana n'kuuzidwa kuti maphunziro enieni ali m'moyo. Bwalo la mpira lidapita ndi magolo omwe.

Lolemba lina m'mawa, a Kalilangwe akukhoma lamba wa nkhwaila, adaona kanthu koyera kakugubuduzika mosafulumira, n'kukaima pafupi ndi dzala.

"Alamu, alendo anu afika," adatero mayi Nangondo, amene ankagulitsa tomato pafupi nawo. Padalibe chibale, koma adayamba kuitanana chilamu kalekale ndipo palibe ankakumbukira chifukwa.

"Si alendo anga amenewo. Akungodutsa."

"Akudutsira pamene mwakhalapo. Sabata yatha anali pachulu. Lero ali padzala. Muwaphikire tiyi."

Atatu aja adafika ali wefuwefu, n'kukumba, n'kuzika mbendera, n'kuyala kapinga pamwamba pa makoko a nthochi. Atachoka, a Kalilangwe adayenda kuchoka pamuzu wawo kukafika pambenderapo. Mapazi khumi ndi awiri. Adabwerera akuwerenganso, mwina alakwitsa. Sadalakwitse. Kumalo kumene ankasamutsirako anthu kudali kudambo la Mudzazolowera, kopanda mtengo, kopanda msewu, kopanda munthu wofuna nsapato chifukwa kudalibe kopita.

Mwambo wa ku Zilibwino udali wakuti dzenje latsopano lililonse lizitsegulidwa ndi nduna imene yalipeza. Choncho Lachiwiri a Weji adabwera pagalimoto yawo, atagona pakhushoni yofiira, ndipo anthu a pamsika adafoletsedwa kuti akapereke moni. Aliyense ankagwada n'kukhudza mutu wachitsulowo. Itafika nthawi ya a Kalilangwe, dzanja lawo lidachita zimene limachita pa tayala lililonse. Chikhadabo cha chala chachikulu chidayenda pankhope ya ndunayo kuchokera m'mwamba kutsika. Chikanakhala chitsulo chamoyo, chikhadabocho chikanakodwa pamzere uliwonse. Chidangoterereka ngati pa mbale yotsuka. Pakati penipeni padali malo owala, aakulu ngati chivindikiro cha botolo, pamene mpira udamenya zaka zisanu ndi zinayi.

A Kalilangwe adabweza dzanja msanga, koma a Mwanenadi adali ataona.

Dzuwa lili paliwombo, Nduna Yaikulu idatulukira pachisakasapo itavala chipewa chachikulu, n'kuyamba kuyesa nkhwaila pamwamba pa masokosi.

"Bambo wa matayala, munaona chiyani pankhope ya Olemekezeka?"

"Kuwala, bwana."

"Kuwala kotani?"

"Kwa munthu wodziwa zambiri."

A Mwanenadi adayang'ana uku ndi uku. "Mverani. Kuseri kwa msika uno kuli nyumba ya malata obiriwira. Mumakhala mayi ena ake amene ndimawathandiza. Mpirawu ukadutsa pano ukulowera pakhonde pawo. Mwandimva?"

"Ndamva, bwana. Mankhwala ake alipo, ndipo ndi osavuta. Ndodo ikamalephera kuluma chikhadabo, mpira ukamatera osaima, nthawi yakwana. Mugule ina."

"Mawu amenewo sindinawamve, inunso simunawanene. Nduna siigulidwa."

Mayi Nangondo adatsokomola mwamphamvu, n'kuyamba kukonza milu ya tomato imene idali yokonza kale.

"Nanga kuinola?" adafunsa a Mwanenadi.

"Timizere tingadulidwenso ndi tupa. Koma zili ngati tayala, bwana. Mungalidule kamodzi. Kachiwiri mwafika pawaya."

"Ndiye ndikauze mfumu kuti nduna yake tikufuna kuipala ndi tupa? Chifukwa chiyani? Yachita chiyani?"

Ndi mayi Nangondo amene adalankhula, maso ali patomato.

"Malemu bambo a kunyumba kwanga nawo anali choncho. Akatera pakhomo, osaima, ulendo. Apongozi anawatengera kwina, anakawatema mphini pachipumi ndi m'mapazi. Kuchokera tsiku lomwelo anakhala pansi mpaka kumwalira."

"Mphini," adatero a Mwanenadi pang'onopang'ono, ngati akulawa.

"Ine si sing'anga," adatero a Kalilangwe.

"Mawa mukhala muli."

Bwalo la mfumu lidakumana Lachinayi. A Mwanenadi adalankhula maola awiri. Adati anthu a ku Atiposa sadaiwale manyazi a mpikisano uja, ndipo akutumiza mphepo zoipa kwa Olemekezeka a Weji, amene akhala akupirira osadandaula ngakhale kamodzi. Adati mbiri ya dziko idzatiseka tikapanda kuteteza mwana wa dziko wotere. Nduna zimene zidali maso zidawomba m'manja, zolingalira za dziko zidadzidzimuka n'kuwomba nawo.

Mfumu Sindilakwa idali nkhalamba yowonda, ya mawu aang'ono, ndipo a Kalilangwe adadabwa kuona kuti nsapato yake yakumanzere idadyeka chidendene. Munthu wamba sankalankhula ndi mfumu mwachindunji. Ankanena kwa Nduna Yaikulu, iyo n'kupereka mawuwo atasambitsidwa.

"Mufunseni ngati zipweteke," idatero mfumu.

"Chitsulo sichimva kanthu," adatero a Kalilangwe.

"Akuti zipweteka, mfumu, koma Olemekezeka ndi olimba mtima."

Mfumu idagwira yokha chogwirira cha ndodoyo n'kuyang'ana kumbali. A Kalilangwe adatulutsa tupa wawo wamng'ono, n'kuyamba. Posakhalitsa adaiwala mfumu, adaiwala nduna, adangotsala ndi chitsulo. Adatsata njira zakale za timizere, umodziumodzi, akuuzira fumbi, akuyesa ndi chikhadabo mpaka chitakodwa. Atamaliza adapaka mwaye wa tayala kuti zioneke ngati mankhwala. Mfumu idapukuta misozi ndi mpango.

"Sanalire ngakhale pang'ono," idatero. "Nduna zanga zonse zikanakhala chonchi."

Tsiku lotsatira msika wonse udasiya malonda. Mbendera idali itasendera kale, itatsala mapazi anayi kuti ifike pamuzu. Atatu aja, pofuna kusunga mpweya, adadikiriratu pachisakasa cha a Kalilangwe, wakhasu atayamba kale kuyeza pokumba. Mpira udabwera m'mwamba, udatera, udadumpha kamodzi, n'kuima pafupi ndi mbendera ngati waitanidwa. Wawilibala adayang'ana wambendera.

"Ndiye ife titani?"

"Khalani pansi, achimwene," adatero mayi Nangondo. "Mphini zikugwira."

Mbiri idafika kunyumba yachifumu kuti amene watemedwa mphini ndi amene mfumu ikumukonda. Sabata isanathe, magalimoto a nduna adafola pamsika wa Tingotani. Idayamba Nduna Yoona za Misewu Yopuma, kenaka ya Madzi Amene Akubwera, kenaka ya Chiyembekezo. Zonse zidavula zipewa n'kupereka zipumi.

"Tupa wanga ndi wa chitsulo, mabwana."

"Ifenso ndife olimba mtima."

A Kalilangwe adayendetsa chikhadabo pachipumi cha ya Misewu. Chidaterereka mpaka pamphuno.

"Atemeni, alamu," adatero mayi Nangondo. "Mwina nawo angaime penapake."

A Kalilangwe adazijambula mizere ndi khala, zonse zitatu, ndipo zidapita zikuyenda mosamala kuti thukuta lisafufute.

Koma chitsulo chakale ndi chakale. Patatha masabata asanu, mpira udayambanso kukwawa, lero phazi limodzi, mawa limodzi ndi theka. A Kalilangwe adaitanidwanso. Adadulanso, koma tsopano tupa ankalowa mosavuta, ndipo pakhosi pa ndodoyo, pamene mutu umalumikizana ndi mtengo wake, adaona kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi. Adauza a Mwanenadi. A Mwanenadi adati limenelo ndi khwinya la nzeru. Mphini zachiwirizo zidagwira masabata awiri okha.

Tsiku limene adawaitana kachitatu, mbendera idali itatsala phazi limodzi. Ikapepeluka inkakhudza nkhwaila zopachika. Popita kunyumba yachifumu, a Kalilangwe adayenda pang'onopang'ono, tupa ali m'thumba. Adali munthu wosakonda maso a anthu. Pa zaka zonse za moyo wawo sadatsutsepo ngakhale wogula wonama kuti lamba anaduka yekha. Koma ankadziwa kuti akadula kachitatu apeza masiku anayi kapena asanu, kenaka dambo la Mudzazolowera. Atagwada pamaso pa mfumu, adayang'ana chidendene chodyeka chija, ndipo mawu adatuluka okha.

"Yatha, mfumu. Ndodoyi yatha. Ilibe potema, khosi lang'aluka. Inagwira ntchito yake, koma pano ikudya minda ya anthu. Gulani ina."

M'bwalomo mudangomveka mkonono wa nduna imodzi. A Kalilangwe adatseka maso kudikira asilikali.

"Akuti chiyani?" idafunsa mfumu.

A Mwanenadi adayankha msanga. "Akuti Olemekezeka akhwima, mfumu. Mankhwala adzaza thupi lonse mpaka m'khosi. Palibenso malo. Akuti nduna yotere sanaionepo."

"Munthuyu amalankhula bwino," idatero mfumu. "Mumpatse tiyi."

A Kalilangwe adamwa tiyiyo ali chigwadire. Adali atanena mawu oopsa kwambiri pa moyo wawo wonse, ndipo adawalipira ndi masupuni atatu a shuga.

Lachisanu m'mawa adamanga zida zawo m'thumba la feteleza, n'kukhala pamuzu wawo komaliza. Kumtunda, mpira wa mfumu udali mumchenga. Mfumu idalowamo, idazika mapazi, idagwedeza chiuno, n'kukweza a Weji m'mwamba. Kudamveka phokoso ngati la mphika wosweka. Mchenga udauluka. Mpira udakhala pomwe udali. Chimene chidanyamuka ndi mutu wa Olemekezeka, ukuzungulira n'kunyezimira padzuwa, kudutsa pamwamba pa mbendera. Udaboola udzu wa chisakasa, n'kudzizika pamuzu wa mbawa, pakati pa miyendo ya a Kalilangwe.

"Alamu, muli moyo?"

"Sindikudziwa. Tayang'anani inuyo."

Atatu aja adathamanga theka la njira n'kuima, osadziwa ngati lamulo likunena za mpira kapena za nduna. Mfumu idatsala itagwira mtengo wopanda mutu. Aliyense adayang'ana a Mwanenadi, ndipo kunena zoona, tsiku limenelo a Mwanenadi adagwira ntchito.

"Taona ndi maso athu zinthu ziwiri," adafuula. "Choyamba, mpira wa mfumu wafika usananyamuke. Kumbani pomwepo!" Wakhasu adakumba pakati pa mapazi a mfumu, mpira n'kugweramo, ndipo nduna zidalulutira. "Chachiwiri, Olemekezeka a Weji akwezedwa. Anyamuka tonse tikuona, asankha okha malo okapumulirako."

Lamulo lidatuluka masana. Pamene a Weji adatera ndi malo opatulika. Pasakumbidwe dzenje, pasadzalidwe kapinga, pasasunthidwe kanthu, kufikira pamene pathera mthunzi wa mbawa. Ndipo popeza sing'anga wawo ndi amene adalephera kuwaletsa kunyamuka, chilango chake n'chakuti akhale pamalopo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, masiku onse a moyo wake, osachokapo.

Msilikali amene adawerenga lamulolo adawayang'ana mwachisoni. "Pepani, madala. Mukufuna kudandaula?"

"Iyayi," adatero a Kalilangwe, akumasula thumba la feteleza. "Ndipirira."

Nduna yatsopano idabwera m'bokosi kuchokera kunja. Palibe adanena kuti yagulidwa, ankati yayankha kuitana kwa dziko. Timizere take tidali takuthwa, ndipo mpira unkatera n'kuima pomwepo, nthawi zina n'kubwerera pang'ono. Mfumu sidasangalale kwenikweni. Idauza a Mwanenadi kuti nduna za masiku ano zilibe masomphenya, sizifika patali ngati malemu.

"Ndiye yatsopanoyi ikhala yakuthwa mpaka liti?" mayi Nangondo adafunsa tsiku lina.

"Akamasewera katatu pa sabata, miyezi isanu ndi umodzi. Mvula isanagwe iyamba kuterereka."

"Ndiye?"

"Ndiye mpira uyambanso ulendo. Koma pano uzidzalambalala."

Mayi Nangondo adayang'ana pansi pamene mthunzi wa mbawa unkathera. Milu iwiri ya tomato idali padzuwa. Adaikokera mkati.

"Tasendezani miyendo, alamu. Nanenso ndine wamaliro."

Pofika kumapeto kwa mwezi, msika wonse wa Tingotani udali utakhala wamaliro. Ausipa, amakala, ometa ndi okonza njinga adapanikizana pansi pa mbawa, ndipo popeza mthunzi suima, ankayenda nawo. M'mawa msika unkakhala kumadzulo kwa mtengo, masana unkaunjikana patsinde anthu akupondana, madzulo unkasamukira kummawa. Munthu wofuna anyezi ankayamba wayang'ana dzuwa.

A Kalilangwe okha ndi amene sankasuntha. Mutu wa Olemekezeka udakana kuzuka pamuzupo, ndipo udazikika mopendekeka bwino, nkhope yosalala ili m'mwamba. Kwa masiku angapo adangouyang'ana. Kenaka tsiku lina, chitsulo chawo chokhomerapo chitasowa m'chipwirikiti cha masana, adaika nkhwaila pankhopepo n'kukhoma msomali. Msomaliwo udapindika bwinobwino, monga umafunikira.

Mpaka lero amakhomera pomwepo. Alendo akafunsa kuti chitsulocho n'chiyani, mayi Nangondo ndi amene amayankha.

"Muvule chipewa. Imeneyo ndi nduna. Ili pantchito."